Tsiku Limene Galimoto Yanga Inaulula Zaka Zake

Abale anzanga, nkhani ndikuuzeniyi si yopeka ayi, ndipo ndikanakhala kuti ndikupeka ndikanasankha yondikometsa, osati iyi imene ndikaikumbuka mpaka lero ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Maina sinditchula, chifukwa anthu ake alipo, ena timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ena ndimawanyamulabe ndi madengu awo.

Ine kwathu ndi ku Ndunde, koma ndinakwatira chikamwini kwa Mpama, ndipo amene anakhalapo mkamwini akudziwa mmene zimakhalira, nyumba wamanga ndiwe koma malo ndi a eni ake, ukatsokomola mudzi wonse wamva. Zaka zambiri ndinalima tomato ndi kabichi kudimba n'kumapalasa njinga kukagulitsa ku Namadzi, mpaka zinthu zitayendako ndinapita ku Limbe kukagula galimoto yakale, yoti ndizinyamulira amayi a geni.

Wogulitsayo anali bambo wa tayi, wa pakamwa potsetsereka. Anandikhazika pampando wa dalaivala n'kundilozera nambala ya padashibodi, ija imasonyeza mtunda umene galimoto yayenda chiipangireni, imene timati mayileji. Inali makilomita 40,000 ndi kenakake. Anati mwini wake anali mayi wachikulire wa kunja amene ankangopita nayo kutchalitchi ndi kumsika basi. Mipando inali yokutidwa ndi nsalu zatsopano, pansi atayalapo malabala onunkhira sitolo, penti ikuchita kuwala. Ine sindinafunse zambiri, maso anga anali pa nambala paja.

Nditafika nayo kumudzi, kudzitama kwake kunali kosasimbika. Aliyense wokhala kutsogolo ndinkamuwerengetsa nambala ija mokweza, n'kumuuza kuti iyi ndi nyuwani, yatsopano yeniyeni, isafanizidwe ndi ziphapha zimene anzanga amayendetsa pa Namadzi. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, ndiye anachita kuiloweza pamtima, m'mawa uliwonse n'kumalengeza kuti dzulo tawonjezera angati. Mwachidule, m'mudzi muja ngakhale osadziwa kuwerenga ankaidziwa nambala ya galimoto yanga.

Sipanapite nthawi yaitali, tsiku lina ndikuitsuka ndekha kumtsinje ndinachotsa labala wa pansi uja, ndipo ndinapeza bowo la dzimbiri loti mkono n'kulowa, mchenga ukuonekera pansi. Ndinakweza nsalu ya pampando, ndikupeza siponji inatha kalekale, mawaya ali poyera. Chopondera buleki chinali chitasalala mpaka chitsulo kuwala. Kodi mayi wa kutchalitchi uja ankaponda buleki ndi phazi lanji? Ndinaimbira wogulitsa uja, foni yosapezeka, ndipo nditabwerera ku Limbe ndinapeza pamalo paja akugulitsapo matabwa. Pamenepo ndinadziwa kuti andipusitsa, nambala ija anachita kuibweza.

Mukuganiza kuti ndinauza munthu? Ayi ndithu. Bowo lija ndinatsekapo kachidutswa ka lata, mumpando ndinaphatikamo matumba a feteleza, pa chopondera ndinamangapo tayala la njinga, kenako ndinaletsa mkazi wanga kutsuka mkati mwa galimoto, ati amayi sadziwa kusamala makina. Kudzitama kuja ndinapitiriza, mwinanso kuposa kale.

Ndiye inafika nyengo ija mphekesera za anamapopa zinavuta kuno, aja ankati amapopa anthu magazi ali mtulo. Anthu ankatseka misewu ndi zipika, galimoto iliyonse ankaiyang'ana ndi diso loipa. Nthawi yomweyo batire yanga inafa, ndinagula ina, ndipo nditangoliza injini ndinaona nambala ija yasintha, yadutsa 300,000. Amakaniko anadzandiuza pambuyo pake kuti galimoto zina zimasunga mtunda weniweni mkati mwake, akuba aja anangosintha wa pamaso, ndiye tsiku limenelo yeniyeniyo inabwerera. Koma panthawiyo ine nzeru imene inandibwerera ndi yomata kapepala ka vesi la m'Baibulo pa nambala paja.

Mlamu wanga uja atakwera m'mawa mwake anadabwa kuti awerengera pati, ndipo ine ndikukweza madengu anamatula kapepalako. Iye sanaganize zoipa, anakangoinena pabawo ngati nkhani yoseketsa. Koma pofika tsiku la msika nkhani inali itamera miyendo. Ankati galimoto ya mkamwini uja yayenda sabata imodzi mtunda umene basi singayende zaka khumi, ndiye kuti imene timaiona itaima pabwaloyo ndi chithunzi chabe, yeniyeniyo imakhala ili ku Mozambiki ndi ku Joni kukasiya magazi. Ena ankati amaiyendetsa ndi ndondocha, anthu aja amati anafa koma mfiti imawagwiritsa ntchito. Nanga akanapanda kukhala ndi mlandu, akanamata vesi chifukwa chiyani? Kenako mayi wina woyandikana nafe anadzuka ali wofooka, mutu ukuwawa, ali ndi kabala pamkono. Mwina anali malungo ndi udzudzu, koma masiku amenewo ndani ankafuna kumva za udzudzu?

Tsiku lina tinkachokera ku Namadzi dzuwa lili paliwombo, mkazi wanga ali kutsogolo, ndipo titayandikira kamlatho ka kufupi ndi kwathu tinapeza zipika zili pamsewu. Anthu anatulukira m'nandolo mbali zonse, atanyamula zikwanje, mipini ndi miyala, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti onse ndinkawadziwa. Anandikokera kunja n'kundikhazika pansi m'fumbi. Bambo wina amene mwana wake ndinamuthamangitsirapo kuchipatala ulere anali ndi botolo la petulo m'manja.

Anthuwo sanayambe ndi kundimenya ayi, chilungamo ndinene. Anandifunsa funso limodzi, loti ndiwauze mmene galimoto yanga nyuwani yayendera mtunda wonsewo. Yankho ndinali nalo, lalifupi, loti ndikanangotsegula chitseko n'kukweza nsalu. Koma nditakweza maso ndinaona apongozi anga ataima patali ndi manja kumutu, ndinaona akuluakulu a kumpingo, ndinaona amayi onse aja ndinkawawerengetsa nambala. Ndinangoti makina asokonekera. Anafunsanso, ndinabwereza zomwezo. Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa mumtima mwanga munali kamawu kondiuza kuti bola anditche mfiti kusiyana n'kunditcha chitsiru, poti mfiti anthu amaiopa. Tangoganizani, munthu wa ana, petulo wayamba kale kundinyowetsa malaya, fungo likundilowa m'mphuno, wina akufunsa amene ali ndi machesi, ine ndili pansi ndikuteteza ulemu wa nambala yabodza.

Mkazi wanga anadzaima patsogolo panga, ndipo mwala umene unkabwera kwa ine unamupeza iyeyo pamwamba pa diso. Ndinamva kulira kwake kwa mwalawo pafupa. Magazi anatsika mpaka pachitenje, koma sanagwe ndipo sanalire. Anapita pagalimoto, anatsegula chitseko, anang'amba nsalu ya pampando ndi manja, n'kuyamba kutulutsa matumba a feteleza aja limodzilimodzi kuponyera anthu kumapazi. Anataya labala wa pansi, anamenya lata lija ndi chidendene mpaka linagwera mumsewu, kenako anaitana mchimwene wake uja, amene anali kumbuyo kwa anthu, kuti apise mkono pabowopo. Dzanja lake linatulukira kunsi kwa galimoto.

Ndiyeno anatembenukira anthu aja n'kuwafunsa ngati dzimbiri limenelo lingadye chitsulo sabata imodzi, ngati mpando ungathe chonchi sabata imodzi. Anati mtunda umenewo unayendedwa kalekale ndi eni ake ena, galimotoyi ndi nkhalamba, ndipo mwamuna wake si mfiti ayi, ndi munthu wopusa chabe amene anamugulitsa chiphapha ku Limbe n'kumachita manyazi kunena. Anatinso iye anadziwa kalekale, kuyambira tsiku limene anasowa matumba ake osungira chimanga n'kukawapeza mumpando, koma anangokhala chete pondisungira ulemu.

Pamenepo mayi wina wa tomato anaphulika kuseka, n'kunena kuti n'chifukwa chake pampando paja pankamubaya. Wina anatola thumba n'kuwerenga dzina la feteleza mokweza. Kuseka kuja kunafalikira, zikwanje zinatsika pansi, anthu anayamba kusinthana kusuzumira pabowo paja, wina n'kufunsa kuti ndi namapopa wanji angayendere chinthu chotere. Sindinasekedwepo chotero chibadwire, apongozi ali pomwepo, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunandipulumutsa. Bambo wa botolo uja, osandiyang'ana kumaso, anathira petulo wotsalayo m'thanki kuti ndithamangire kuchipatala ndi mkazi wanga, ndipo galimoto itakana kulira, anaikankha ndi anthu omwe aja.

M'njira mkazi wanga anali atagwira duku pabala, fumbi likulowera pabowo paja. Sanandikalipire. Anangondifunsa modekha ngati ndikanalola kupsa iye akanapanda kukhalapo, ndi kuti ana akanawauza kuti bambo awo anafera chiyani. Ndinangoyang'ana msewu.

Panopa pa Namadzi amanditcha a Nyuwani, ndipo ndimayankha. Za anamapopa sindinawaonepo ndipo sindikhulupirira, koma ndikhulupirira kuti mantha amasandutsa anansi ako anthu ena masana dzuwa likuwala, ndiponso kuti bodza langa ndi limene linawapatsa chogwira. Choncho inu mukamagula galimoto yakale musakomedwe ndi nambala ya padashibodi, kwezani nsalu, chotsani malabala, yang'anani zopondera, mutengenso munthu wodziwa makina. Ndipo akakupusitsani, nenani tsiku lomwelo anthu akusekeni zithe, chifukwa amakusekanibe, kungoti mukachedwa wina amavulala kaye. Kwathu anavulala ndi mkazi wanga. Diso linapulumuka, koma chipsera chilipo, ndipo duku amamanga motsitsa kuti chisaoneke. Akalivula madzulo kunyumba, amene amayang'ana pansi ndine.