Golosale Ziwiri Zobiriwira

Golosale ya bambo anga ku Nkhotakota inali ndi fungo lakelake: palafini, sopo wochapira, ndi shuga wonyowa pang'ono chifukwa cha chinyezi cha kunyanja. Mpaka lero ndikalowa m'kasitolo n'kumva fungo limenelo, maso anga amathamangira kukhoma la kumanzere kukafuna msomali. Golosaleyo inali yobiriwira, utoto umene anausankha amayi, ndipo bambo ankayala katundu mwa njira yawoyawo. Machesi ndi mabatire pamwamba, maswiti m'botolo lalikulu pafupi ndi sikelo, sizasi yomangirira ku kauntala ndi chingwe. Miyendo ya shelefu ya shuga inkaima m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Pamsomali uja pankapachikidwa wailesi.

Wailesiyo inali yokalamba, ya mawu osasa, ndipo ikayamba kulira ngati njuchi inkafuna kuiomba pambali kuti ilongosoke. Chopotokolera chake chitasweka, ndine ndinaikapo chitsekerero chofiira cha botolo la mankhwala, n'kuchimata ndi phula la kandulo. Ndinkanyadira ntchito imeneyo ngati kuti wailesi yonse ndinaipanga ndine.

Inasowa ndili mu Sitandade 5. Tsikulo anandisiya ndekha kuti ndidikirire golosale, ndipo pamsewu panadutsa lole ya anthu aukwati akuimba. Ndinatuluka kukaonerera, mosakhalitsa n'komwe, koma pobwera ndinapeza msomali uli wokha. Amayi anathyola nthambi ya bwemba n'kundikwapula m'miyendo mpaka mikwingwirima. Bambo anaima pakhomo, manja m'thumba, n'kungoti, "Msiyeni mwana, zinthu zimasowa." Ndinawakonda kwambiri chifukwa cha mawu amenewo. Kuchokera tsikulo aliyense pakhomo pathu ankanditcha Nataya, ndipo dzinalo linanditsatira mpaka kusukulu.

Bambo ankapita ku Likoma kawirikawiri ndi matumba a mpunga ndi shuga, n'kubwerako ndi nsomba zouma. Tchuthi chachikulu chitafika, mphepo ya mwera ikuyamba kuchepa mphamvu, anauza amayi kuti anditenga ndikaone chilumba. Ndinaganiza kuti chinali chipukuta misozi. Amayi anandichapira madiresi onse, anandikazingira mtedza, n'kundilangiza kuti ndisakawachititse manyazi kwa eni ake.

Za ulendo wa pasitima ndimangokumbukira fungo la dizilo ndi nseru. Ndinasanza mtedza wonse wa amayi. Titatsikira m'boti laling'ono n'kuponda mchenga wa ku Likoma, ndinali nditalakalaka kale kwathu. Dzikolo linali la miyala ndi milambe ikuluikulu, louma, ndipo kutsidya kunkaoneka mapiri a ku Mozambique ngati ungawagwire ndi dzanja. Anthu ankayankhula Chinyanja chawo chokoka, ndipo ine ndinangogwira malaya a bambo, misozi ili pafupi.

Tinakwera kanjira ka miyala, tinakhota pa mlambe wina, ndipo ndinaima chilili. Patsogolo panga panali golosale yobiriwira. Nditalowa, fungo lija linandilandira, palafini, sopo ndi shuga. Machesi anali pamwamba, botolo la maswiti pafupi ndi sikelo, sizasi pachingwe chake. Ndinawerama kusuzumira pansi pa shelefu, ndipo zitini za madzi zinalipo. Ndinaseka ndekha. Mantha onse anathera pomwepo, pakuti ndinali nditapeza kwathu pakati pa nyanja.

Mwini wake anali mayi wamng'ono thupi, woseka msanga, amene bambo anati ndiziwatchula Anti Esinala. Anati ndi amene amawasungira katundu pachilumbapo. Anali ndi kamwana kakamuna kongoyamba kuthamanga, dzina lake Yusufu. Tinkagona kuseri kwa golosaleyo, ine pamphasa limodzi ndi kamwanako.

Masiku oyamba anali okoma, ndipo zimandipweteka kuvomereza. M'mawa Anti Esinala ankandiphikira phala la mpunga lotendera, lolimba pang'ono, momwe ndinkalikondera. Sanandipatsepo therere, ndiwo imene ndinkadana nayo, ngakhale sindinawauze. Tiyi ankathira kaye mkaka kenako masamba, monga ankafunira bambo. Masana ndinkasambira ndi ana a pachilumbapo m'madzi oyera oti n'kuona zala zakumiyendo, tinkaswa malambe pamiyala, ndipo tsiku lina anandiperekeza kukaona tchalitchi chachikulu cha miyala chimene ndinkangochimva. Ndikatopa ndinkabwerera kugolosale, n'kuima kuseri kwa kauntala. Ndinkadziwa pamene pali chilichonse osafunsa, ndipo makasitomala ankati mwana wa ku Nkhotakota ndi wochangamuka. Kumeneko kunalibe wonditcha Nataya. Yusufu ankathamangira bambo akufuula kuti "Ababa", koma sindinaganizepo kanthu. Ndinkati makanda amatero kwa mwamuna aliyense.

Kukhoma la kumanzere kunalinso msomali wopanda kanthu. Yusufu ankauloza n'kumalira, amayi ake n'kumamutseka pakamwa ndi switi.

Loweruka lina masana anandituma kukatunga madzi kunyanja. Ndinabwerako msanga chifukwa ndinapeza mnzanga wondisenzetsa ndowa. Ndikuyandikira nyumba, ndinamva mpira ukuulutsidwa, mawu osasa, kenako kulira kwa njuchi kuja. Kenako ndinamva dzanja likuomba pambali, mawu n'kulongosoka. Madzi anayamba kunditayikira m'khosi. Ndinatula ndowa pansi n'kulowa.

Bambo anali atakhala pampando wa ndalema, Yusufu ali pamiyendo pawo, wailesi ili pabondo. Chitsekerero changa chofiira chinali pamalo pake, ndi phula lomwe. Anti Esinala anandiona poyamba, n'kuyang'ana pansi. Ine ndinayang'ana wailesi, ndinayang'ana makutu a Yusufu otambalala ngati a bambo, ngati anganso, ndipo zonse zinabwera nthawi imodzi. Phala lija, therere lija, zitini za madzi zija. Palibe chimene chinangochitika mwamwayi.

Bambo anazimitsa wailesi n'kunditengera pansi pa mlambe. Anayamba ndi kundiuza kuti ndakula, ndine mtsikana wanzeru.

"Yusufu ndi mlongo wako," anatero. "Koma zapachilumba zimatsala pachilumba. Wamva, mama?"

"Munaitenga ndinu, ababa?"

"Ndinabwera kudzatenga chenje, iwe kulibe. Sitima inali mawa lake."

"Munaona amayi akundikwapula."

Anatola kamwala n'kukaponya patali. "Tsono ndikanati chiyani?"

Yankho lawo linali lomwelo. Sanapepese. Mawa lake anandigulira nsapato zapulasitiki zapinki, ndipo ndinazivala chifukwa miyala inkaotcha, koma ndinkadana nazo. Phala la Anti Esinala silinatsikenso kukhosi. Mayiyo sanandilakwire mawu ngakhale amodzi, ndipo tsiku lina ndinawapeza akulira kukhitchini, koma sindinawamvere chisoni. Za mkazi wachiwiri sindinkazimvetsa kwenikweni, pakuti kwathu amuna amitala analipo ambiri. Chimene chinkandiwawa ine chinali miyendo yanga ndi dzina langa. Munthu amene ndinkamuyesa wondiikira kumbuyo ndi amene anandigulitsa, ndipo anaima pomwepo manja m'thumba. Masiku otsalawo ndinkakhala pamwala kuyang'ana kumadzulo, kudikira sitima.

Titabwerera ku Nkhotakota ndinasunga pakamwa kwa sabata yathunthu. Amayi ankafunsa za chilumba, ine n'kumanena za milambe ndi tchalitchi. Kenako m'mawa wina anafuna kupita kuchigayo, n'kundiimika kuseri kwa kauntala. Bambo anali kuseri akusanja matumba.

"Nataya, usachokepo ngati tsiku lija," anatero amayi akumanga mpango.

Mawu anangotuluka okha. Ndinawauza kuti wailesi sinabedwe, ili ku Likoma, m'golosale ya Anti Esinala, ndipo kuli mwana wa makutu ngati anga. Ndinanena mokweza, mwadala, kuti a kuseriwo amve. Ndinadikira nthambi ya bwemba, kaya kuchokera kwa ndani.

Amayi anakhala pansi pa thumba la mchere. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Golosaleyo utoto wake ndi wotani?"

"Wobiriwira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anandikokera pafupi, n'kusisita miyendo yanga pamene panali mikwingwirima, ngakhale inali itapola kalekale. "Pepa, Amina," anatero. Aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kumva dzina langa lenileni pakamwa pawo. Bambo anatuluka kuseri kuja, ndipo sanandikalipire. Nkhope yawo inali ya munthu amene watula katundu wolemera.

Banja silinathe. Akuluakulu anakhala pansi, nkhani inakambidwa, ndipo bambo anapitiriza kukwera sitima, tsopano poyera. Chaka chisanathe amayi anagula utoto wachikasu n'kupaka golosale yonse ndi manja awo. Msomali uja anauzula.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mlandu wa bambo unali wailesi, ndipo kuti ndinawagwira chifukwa cha tcheru changa. Ndinkadzimva wolimba mtima kuti ndinaphwanya chinsinsi chawo. Ndili ndi ana anga tsopano, ndipo ndikudziwa kuti palibe munthu wofuna kubisa nyumba amene amatengerako mwana wa zaka khumi, wodziwa pamene pamakhala sizasi ndi machesi, n'kumugoneka mphasa imodzi ndi mlongo wake. Bambo ankafuna kuti amayi adziwe, koma pakamwa pawo pankalemera. Ndiye anandisenzetsa ine, monga anandisenzetsera za wailesi, ulendowo n'kuutcha tchuthi.