Mizere Yofiira pa Dzina la Mayi a Kunyumba Kwanga

Ndinadandaula koyamba Lolemba, sabata imene tinayamba kuthyola fodya. Ndinadandaula pakamwa, kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, titaima pakhomo panga. Kachiwiri ndinalemba kalata, nkupita nayo ndekha pa njinga ku chipatala chathu chaching'ono cha kufupi ndi Manyamula. Kachitatu ndinakwera galimoto mpaka ku Mzimba boma. Kalata iliyonse ndimailemba ndi pepala la kaboni pansi, ndipo zotsalira zake zili m'bokosi langa lachitsulo. Ndinali kalaliki ku nkhalango ya Luwawa mpaka kupuma ntchito, ndipo pepala sinditaya.

Nkhaniyi ndi ya mayi a kunyumba kwanga. Ali ndi bipi, matenda othamanga magazi aja, ndipo kwa zaka zambiri akhala akumwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Kale, kuti akayezedwe, ndinkawakweza pa njinga, nkumalimbana ndi mchenga wa mumsewu mpaka kuchipatala, kukafika bipi yakwera kale ndi ulendo womwewo.

Chaka chatha bungwe lina, kudzera kuchipatala, linapereka makina kwa odwala angapo. Ife tinali m'gulumo. Anatipatsa kabokosi kokhala ndi lamba womanga pamkono, ndi foni yamakono yokhala ndi pulogalamu yake. Ukayeza, nambala zimadumphira zokha m'foni popanda waya, foniyo nkuzitumiza kwa adokotala. Zikakhala bwino mzere umaoneka wobiriwira, zikakwerako wachikasu, zikafika poopsa wofiira. Ine ndinakondwera chomene. Sindine mwa okalamba aja odana ndi zatsopano.

Ntchito yoyeza ndinaitenga ndine. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ndinkawakhazika pampando, kudikira kuti mtima ukhazikike, kumanga lamba, nkulemba m'kope langa tsiku, nthawi, nambala ya pamwamba, ya pansi, ndi mtundu wa mzere. Ndikatero ndinkakwera ndi foni pa chulu cha kuseri kwa chigafa, pokhapo pamene netiweki imagwira pakhomo pathu. M'kope monse munali zobiriwira, zachikasu apa ndi apo. Chofiira munalibe.

Ndiye Lolemba lija mlangizi anafika ndi foni yake yaikulu m'manja.

"Adada, nambala za amama sizili bwino. Zofiira zachuluka. Adokotala akuti abwere awawonjezere mankhwala."

"Zofiira ziti?" ndinafunsa. Ndinalowa m'nyumba nkutulutsa kope. Iye analiyang'ana pachikuto pokha.

"Makina sanama, adada."

"Ndiye wonama ndine?"

"Ayi, sindinatero. Koma maso akamakula..."

"Maso amenewa anawerenga mitengo ya paini iwe usanamere mano," ndinatero. Anaseka, ine sindinaseke.

Tinapita ndithu, chifukwa munthu sukangana ndi chipatala pa moyo wa mnzako. Anawonjezera piritsi lachiwiri. Pasanathe sabata mayi anayamba chizungulire akamadzuka. Tsiku lina anagwa pa mjigo ndi ndowa kumutu, nkusupuka bondo, amayi anzawo nkuwabweretsa atawagwirizira uku ndi uku. Ndikawayeza, nambala zinkatsika kuposa kale lonse. Apa mpamene ndinalemba kalata ija. Ndinalembamo kuti makina ndi owonongeka ndipo mlangizi ndi wosasamala. Yankho silinabwere.

Ku boma ndinalozeredwa ku ofesi ya mayi wina wachitsikana amene amasunga nambalazi mu kompyuta. Anatembenuza kompyutayo kuti ndione.

"Pagalasi ayi, amama," ndinatero. "Ndipatseni papepala."

"Agogo, inu ndinu oyamba kupempha pepala chiyambire ntchito imeneyi."

"Mbwenu muyambire ine."

Anandisindikizira masamba atatu, ndipo ndinamuthokoza. Nditafika kunyumba ndinawayala patebulo, kope pambali, rula pansi pa mzere uliwonse, nkumachonga. Nambala zanga zonse zinalimo, osaphonya ngakhale imodzi. Makina sanasinthe kanthu. Koma pakati pake panali mizere ina imene ine sindinailembe. Yonse inali ya masana. Yonse inali ya Lachitatu. Inkabwera motsatizana, isanu kapena isanu ndi umodzi, mosiyana mphindi zochepa, uwu wobiriwira, uwu wachikasu, uwu wofiira, uwu wobiriwiranso. Palibe mtima wa munthu mmodzi umene ungavine chotero.

Lachitatu masana ine ndimakhala ku msonkhano wa akulu a mpingo. Lachitatu lomwelo amayi a kwaya amaphunzira nyimbo pakhonde panga, chifukwa mayi a kunyumba ndiwo amatsogolera.

Ndinawapeza akusenda mtedza, mwendo wa bondo lija atautambasula.

"Amayi, makina aja Lachitatu amagwira ntchito yanji?"

"Yomweyo, yoyeza."

"Kuyeza yani?"

"Amene wafuna." Sanasiye nkomwe kusenda.

"Kwaya yonse?"

"Si onse. Ena amaopa lamba, akuti amafinya ngati nsato."

"Mukudziwa kuti nambala zonsezo zimapita kwa adokotala pa dzina lanu? Piritsi limene lakugwetsani pa mjigo labwera ndi mikono ya anthu ena!"

Apa anasiya mtedza. Anandiyang'ana.

"Nanga ndani anandiuza? Inu adada, munthu wafika pakhomo panu, mutu ukumupweteka, makina akuwaona ali patebulo apo. Ndimuuze chiyani? Kuti awa ndi a ine ndekha? Wilibala yanu ili kuti panopa?"

"Ili kwa aphunzitsi."

"Mpope wopopera fodya?"

Mpopewo unali utabwerekedwa kawiri osabwerera pakhomo.

"Ndiye makina okha ndiwo akhale ndi mwini? Kapena mukufuna azindiimba kuti mkazi wa kalaliki uja ndi womana, amabisa chipatala m'chipinda?"

Ndinatsegula bokosi nkutulutsa kapepala ka malangizo kamene kanabwera ndi makinawo. Ndinakawerenga kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Nkachingerezi, ndipo kamanena za mabatire, za kukhala mowongoka, za kusalankhula poyeza. Palibe pamene panalembedwa kuti lamba ameneyu ndi wa mkono umodzi. Tsiku limene anatiphunzitsa kagwiritsidwe ka makinawo ndinalemba zonse zimene ananena, ndipo m'zolemba zangamo mulibenso. Amene anakonza pulogalamuyi ayenera kuti amakhala kumene munthu aliyense ali ndi zake. Kuno chinthu chikalowa m'nyumba imodzi chalowa m'mudzi. Akanafunsa mwana aliyense wa kuno akanawauza.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala ndi kope ndi masamba atatu aja, mizere ya Lachitatu nditaizunguliza ndi cholembera. Adokotala anawerenga modekha, chala chikuyenda pa mzere. Atafika pakati anavula magalasi nkugwira pamphumi.

"Amama, ndiye ine ndakhala ndikuchiza kwaya?"

"Kwaya yake ndi yabwino, adokotala," anatero mayi. "Mudzabwere mudzamve."

Anawayeza okha kawiri, nkuchotsa piritsi lachiwiri tsiku lomwelo. Analemba m'kabuku ka kuchipatala ndi dzanja lawo. Patangopita masiku ochepa chizungulire chinatha, ndipo lero mayi akupita okha ku mjigo.

Mlangizi ndinamupepesa pamaso pa adokotala, chifukwa ndinamunenera m'kalata zimene sanachite, ndipo makinawo ndinawanamizira. Iyenso anati, "Yewo, adada, nanenso kope lija ndikanalitsegula." Tinagwirana chanza.

Adokotala anafunsanso chinthu chimene ine mu ukali wanga sindinachiganize: mizere yofiira ija inali ya yani? Mayi anakumbuka msanga, chifukwa ndiwo ankamanga lamba. Anali mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga, amene amaimba besi ndi amayi anzake ndipo sanayezetsepo bipi chibadwire. Ankaona kufiirako nkumati makina amukonda. Mlangizi anamufikira sabata yomweyo, ndipo pano akumwa mankhwala ake, pa dzina lake. Ndikamaganiza zimenezi ukali wanga umachepako. Kabokosi kameneka kanaona zimene tonsefe sitinazione, ngakhale kanaziika pa dzina lolakwika.

Tsopano Lachitatu amayi amayezabe, koma foni timaizimitsa kaye, ndipo nambala zawo ndinawatsegulira kope lina, aliyense tsamba lake. Mlangizi akabwera amalijambula. Zikuyenda.

Chatsala chimodzi, ndipo ndicho chandilembetsa zonsezi. Mizere yofiira ija ikadali mu kompyuta pa dzina la mayi a kunyumba kwanga. Mlangizi akuti foni yake siilola kufufuta. Adokotala athu akuti nawonso alibe mphamvu imeneyo. Mayi wa ku boma uja anayesa ine ndikuona, nkunena kuti zimenezi zimatheka ndi amene anakonza pulogalamuyi okha. Adokotala athu akuidziwa nkhaniyi, koma madokotala amasamutsidwa. Tsiku lina mayi adzadwala ine kulibe, adzawatengera ku boma kapena ku Jenda, ndipo wina wosatidziwa adzatsegula kompyuta, adzaona kufiira kuja, nkulembanso piritsi lomwe linawagwetsa. Pa mjigo anagwera pa dothi. Kwina kuli miyala.

Sindikupempha kuti makina achotsedwe. Asiyeni, ndipo ngati nkotheka onjezerani ena, chifukwa mikono yofuna kuyezedwa kuno ndi yambiri. Koma kwa inu amene muli ndi mphamvu pa pulogalamuyi, ndikupempha mwaulemu kuti mizere ya Lachitatu imene ndaizunguliza pa masamba atatu ophatikizidwa pano ichotsedwe pa dzina la mkazi wanga, kuti m'pulogalamumo muikidwe malo oyezera mlendo, ndiponso kuti odwala ena amene analandira makinawa auzidwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa zimene ife sitinauzidwe. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe, ndipo yankho lake libwere papepala, losainidwa, kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu.