Chimbale cha a Dyson pa ngolo ya ku Zemba

Pa boma pa Chadiza, a Dyson Mwale amadziwika ndi kachipinda kawo kuseri kwa msika, komwe ana amasewera mpira ndi nkhonya pa TV. Makina awo a masewera ndi akalekale, ena ali ndi zaka zambiri kuposa ana amene amawagwira. Koma ntchito imene imawadyetsa kwenikweni ndi ina. Munthu akajambula ukwati kapena kwaya pa foni, amapita nayo kwa iwo. A Dyson amaifinya vidiyoyo pa kompyuta, ngati mmene timapondera thonje m'thumba, kuti ikwane pa chimbale ndiponso makina akalewo athe kuiwerenga. Kumidzi komwe kuli ka TV ka batire, makina oterewa ndi amene amaonetsa vidiyo, anthu n'kuonera pamodzi m'malo mokankhana mitu pa foni imodzi.

Pulogalamu yofinyirayo anaipeza kale ku Chipata, kwa bambo amene anawagulitsa makina. Inali pa chimbale chimodzi, pamodzi ndi mapepala a malangizo. Bamboyo anamwalira, ndipo m'masitolo anyamata amangoseka ukaifunsa, amati zamakedzana zimenezo asunga ndani.

Chaka chatha, anthu atangokolola, kompyuta inafa. Anakaikonzetsa, koma inabwera yopanda kanthu m'kati, zonse zitafufutika. A Dyson sanade nkhawa. Anatsegula chitini chimene amasungiramo zinthu zawo. Mapepala analimo, chimbale munalibe.

"Amake Limbani, mwagwirako m'chitini muno?"

Akazi awo, a Keziya, anali pakhonde akusenda mtedza. "Ee, alongo anga a Filimoni anapempha zonyezimira zoika kumbuyo kwa ngolo, kuti magalimoto aziwaona kukamada. Ndinawapatsa zimbale zakufa zija, ndi china chosalembedwa dzina la nyimbo. Bwanji kodi?"

Popanda chimbale chimenecho, ntchito ya mavidiyo yathera pomwepo. A Dyson anangotenga njinga, ulendo wa ku Zemba kwa a Filimoni. Njira yonse maganizo anali pa msomali, pakuti ankadziwa kuti a Filimoni chilichonse amakhomera, ngakhale nsapato.

Anawapeza kumunda akupakira chimanga. Moni anapereka ali kuseri kwa ngolo, maso ali pa thabwa.

"Alamu, mwayamba kupereka moni kwa ngolo, ine ndili pano?" anatero a Filimoni. "Kapena mwabwera kudzabweza mlongo wanga?"

"Mlongo wanu ndimusunga. Ndabwera kudzatenga ng'ombe yanga imene mwamangirira apa," anatero a Dyson akuloza zimbale.

Zimbale zitatu zinali zokhomedwa, zitang'aluka ngati mphika wogwa. Chachinayi chinkangolendewera pa waya wopisa pabowo lapakati, fumbi ndi ndowe zili mbuu. Anachitembenuza. Chinali chomwecho, chathunthu.

"Chimenecho misomali inandithera," anatero a Filimoni. "Ndimati mawa ndikagule."

"Musagulenso, alamu. Mulungu akusungeni osauka misomali mpaka kale."

A Filimoni anaseka mpaka ng'ombe zinadzidzimuka, ndipo anawapatsa maungu awiri a panjira.

Kunyumba a Keziya anachitsuka okha ndi madzi a sopo, n'kuchipukuta ndi kansalu kofewa ka mwana. Chinali ndi mikwingwirima ingapo. A Dyson atachilowetsa, kompyuta inalira, inaima, inaliranso. A Keziya anagwira pakamwa. Kenaka pulogalamu ija inatseguka, ndi zilembo zake zakale zobiriwira.

A Dyson anakhala pansi penipeni, pa simenti, n'kupuma mpweya wautali.

Tsiku lomwelo, asanadye n'komwe, anaikopera pa zimbale zina, chilichonse n'kuchilemba ndi zilembo zazikulu. Mapepala a malangizo anawajambula pa foni tsamba ndi tsamba. Chimbale chimodzi a Keziya anachikulunga m'chitenje, n'kuchiika pansi pa sutikesi yawo, pomwe amasunga makadi a ubatizo a ana.

"Chimenechi ngakhale inuyo mukachifuna, muzipempha," anatero.