Nsanja Yonyongerapo ya a Kalipentala

A Kalipentala ndi bambo wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi limodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo pensulo sichoka pakhutu pawo. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba. Amakhoma zitseko, mabedi, mabenchi a m'kalasi, ndiponso mabokosi a maliro wina akawachonderera. Pali khalidwe lawo limodzi limene aliyense amalidziwa: sangaone chinthu chikugwedera n'kuchisiya. Akapita kocheza amayamba agwedeza mpando asanakhalepo, ndipo ukangolira amasolola chomangira masikuluwu m'thumba, moni asanayankhe n'komwe. Akazi awo anatopa kale kuchita nazo manyazi.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, analemba filimu. Inali nkhani ya munthu amene anapha mnzake pa ndewu, khoti n'kugamula kuti anyongedwe. Wosewera ngati wakuphayo anali mwamuna wake yemwe, ndiye kuti mkamwini wa a Kalipentala, munthu wofatsa wogulitsa mankhwala m'sitolo, amene ngakhale nkhuku amapempha ena kuti amuphere.

"Ababa, tikufuna nsanja yonyongerapo," anatero mphunzitsiyo tsiku lina ataima pakhomo la shedi. "Yongoonekera pa kamera basi."

"Dzina langa lidzalembedwa kumapeto kwa filimuyo?"

"Lidzalembedwa, ndi zilembo zikuluzikulu."

A Kalipentala anaponya sowo pa benchi n'kuvina pang'ono pa utuchi. Mawu oti "yongoonekera" analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Pofika madzulo, msewu wonse unali utamva kuti iwo alowa za mafilimu.

Anagwira ntchitoyo masiku anayi m'nyumba yosungiramo katundu imene ojambula anabwereka. Anakhoma masitepe asanu ndi awiri, anakweza mtanda wokhuthala pamwamba, ndipo pamalo poimapo munthu anaikapo kachitseko kotsekukira pansi, ka mahinjesi othira oyilo, kolumikizidwa ku mpini wachitsulo. Kachitsekoko palibe anawatuma. Ali okha, anaikapo thumba la mchenga n'kukoka mpini. Phuu! Thumba linagwa pansi. Anadziombera m'manja, nabwereza kawiri. Sanauze munthu, chifukwa ankafuna adzawadabwitse onse kujambula kukatha.

"Inu bambo inu," anatero akazi awo atabwera kudzaona, "shelefu yanga yakukhitchini chaka chatha ndikupempha, koma ponyongera mkamwini mwamaliza masiku anayi?"

"Ili ndi luso, mayi. Dziko lonse lidzaona."

Tsiku lojambula anafika m'mamawa, ena onse asanabwere, atavala jekete. Anapeza chingwe chapachikidwa kale, koma atakweza maso anagwira pakamwa. Kumtanda chinali chongolumikizidwa ndi ulusi wosokera zovala! Kunena zoona, mwana wawo anachita dala zimenezo, kuti chingwe chikangokokeka pang'ono chithothoke. Koma iwo sanadziwe.

"Ana a masiku ano," anadandaula akukwera makwerero. "Afuna andichititse manyazi pa kamera."

Anadula ulusiwo, anakulunga chingwe katatu kumtanda, n'kumanga mfundo yoti ngakhale ng'ombe singaimasule.

Dzuwa litakwera, m'nyumbamo munadzaza. Magetsi owala anayatsidwa, anthu oyandikana nawo anaunjikana m'mawindo, ndipo a Kalipentala anapatsidwa mpando kutsogolo, pafupi ndi kamera. Mtima wawo unkagunda ngati wa mkwati. Wosewera ngati wonyonga anali wometa tsitsi wa pamsewu womwewo. Iyeyu anauzidwa kuti mpiniwo ndi wokongoletsa chabe, ndipo aukoke wakuphayo akamaliza mawu ake omaliza.

"Chete nonse! Tiyeni!" anafuula mphunzitsi.

Mkamwini anakwera masitepe manja atamangidwa kumbuyo. Wometa anamuveka chingwe m'khosi. Ndiye mkamwiniyo anayamba kulankhula, ndi mawu amene a Kalipentala anali asanawamvepo mwa iye.

"Ine ndinapha, sindikukana. Dzanja ndi langali. Koma lero mundipha ndinu, ndipo ndikafunsa kuti ndani, palibe ayankhe. Woweruza ati ndi lamulo. Msilikali ati anangondiperekeza. Uyu ati anangokoka mpini. Wopota chingwe ati sankadziwa kumene chikupita."

Mayi wina pawindo anayamba kufwenthera. A Kalipentala ankagwedeza mutu monyadira, uku akuyang'ana chingwe chija. Maso awo anachitsatira kuchokera m'khosi mwa mkamwini mpaka pa mfundo yawo. Kenako anatsikira pa mapazi ake, amene anaima pakati penipeni pa kachitseko. Kenako pa dzanja la wometa, lomwe linali litagwira kale mpini.

"Iwe! Usakoke!"

Mpando unagwera uko. Anadutsa kutsogolo kwa kamera, anapunthwa pa waya wa magetsi, n'kulowa pansi pa nsanja chowerama. Wometa, poganiza kuti phokosolo ndi la m'filimu momwemo, anakoka. Kachitseko kanatsika n'kugwera pa phewa la a Kalipentala, ndi kulemera konse kwa mkamwini pamwamba pake. Mawondo anawerama, koma sanagwe.

"Ababa, mwationongera!" anakuwa mphunzitsi.

"Mchotseni chingwe! Chingwecho n'chenicheni! Ndamanga ndine!"

Anthu anathamanga mopiringizana. Wometa anavula chingwe m'khosi mwa mnzakeyo, ena anamukokera pambali, ndipo a Kalipentala atachotsa phewa, kachitseko kanatsekuka kwathunthu n'kumalendewera. Onse anasuzumira m'dzenjemo.

Mkamwini anakhala pansi pa masitepe, akusisita khosi ndi manja omwe anali atangomasulidwa.

"Bambo," anatero pomaliza, "ngati ndinakulakwirani, mukanangondiitanitsa tikambirane."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kosatuluka bwino. Mphunzitsi anakumbatira mwamuna wake akulira.

"Ndalakwa ndine, sindinayang'ane pansi pa nsanja."

"Ine anangondiuza kuti ndikoke," anatero wometa. Atangomva mawu akewo anatseka pakamwa.

"Ayi, musagawane," anatero a Kalipentala akupuma movutikira. "Kachitseko ndakhoma ndine, mfundo ndamanga ndine, ndipo sindinauze munthu. Akamwini, mundikhululukire. Mwanawe, ndipatse hamala."

Anakhomera kachitsekoko ndi misomali yaitali kuzungulira konse, analekanitsa mpini ndi kachitsekoko, ndipo anakweranso makwerero kukamasula mfundo. Ulusi anaumanga okha, mwana wawo akuwaonetsa, ndipo anaukoka kawiri kuti aone kuti ukudukadi.

"Tsopano khalani pampando, ababa, muonere," anatero mphunzitsi atapukuta misozi.

Iwo anakana. Anavula jekete, analowanso pansi pa nsanja n'kutsamiritsa phewa lopwetekalo ku matabwa. Anthu anawauza kuti misomali yagwira, kuti palibe chingachitike, koma sanasunthe. Chigawocho anachijambula kasanu ndi kamodzi, ndipo maulendo onsewo a Kalipentala anali pansipo mumdima, utuchi ukuwagwera m'maso, akumvetsera mapazi a mkamwini wawo pamwamba.