Zaka za Achimwene

Kope langa la chikuto chobiriwira ndikadali nalo, ngakhale njenjete zinadya m'mbali. Pa tsamba la Lachitatu, 14 Januwale, ndinalemba kuti ndinkasadzula nkhwani pakhonde pamene uthenga unafika: amalume ndi achimwene awagwira ndi ngolo ya mitengo ya chigafa cha fodya, yodula m'nkhalango ya boma.

Linali dzinja lokoma. Fodya anali atafika m'chiuno, Nsaru yonse ikununkha dothi lonyowa. Achimwene anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, koma anatalika ngati bulugamu. Chaka chapitacho, pa kalembera wa zisankho, anadziwonjezera zaka nalandira chiphaso chovotera. Ankachionetsa kwa aliyense. Amayi ankangoseka, amvekere, "Bambo wa pakhomo ameneyu, eti!"

Chiphaso chomwecho ndicho apolisi anachipeza m'thumba. Anawatsekera pamodzi ndi akuluakulu. Titapita ndi chakudya, achimwene anayesa kumwetulira. Wapolisi wina wamkazi anakokera amayi pambali. "Mayi, ngati ndi mwanadi, bweretsani umboni. Apo ayi, aweruzidwa ngati wamkulu."

Umboni unali m'buku la ubatizo kutchalitchi kwathu. Amayi anachita manyazi kukavomera bodza pamaso pa alembi a mpingo, choncho anatuma ine, munthu woti ngakhale m'kalasi sindinkakweza mkono. Ndinagwada, n'kumangowayang'ana kumutu. Alembiwo anadikira, kenaka anati, "Kodi wabwera kudzandiwerenga imvi?" Ndinaseka, ndipo nkhani yonse inatuluka. Anatsegula buku lonunkha nkhungu, chala chikutsetsereka pamizere mpaka chinaima. Mawa lake ananyamula bukulo pa njinga kupita nalo kupolisi, atalikulunga mu pulasitiki kuopa mvula.

Mlandu wa achimwene unakambidwa chitseko chili chotseka. Amayi anatiuza kuti woweruza anawaitana achimwenewo ndi dzina, nawafunsa kalasi yomwe ali, ngakhalenso ngati adya. Anawabweza kunyumba, ati azipita kusukulu ndipo azikaonekera kwa mayi wina wa boma woona za ana. Mlandu wa amalume unali wapoyera. Anaima m'kabokosi, anthu akusuzumira m'mazenera, ndipo palibe anafunsa ngati adya. Anawapatsa miyezi isanu ndi umodzi.

Lero ndimamvetsa. Lamulo limaona kuti mwana angathe kuwongoka, ndipo wamkulu amene anamutenga ndi nkhwangwa ndiye ankadziwa chimene akuchita. Ndimavomereza, ngakhale amalume amenewa ndi omwe anandiphunzitsa kupalasa njinga.

Koma nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinkangoona ngolo imodzi, nkhwangwa imodzi, anthu awiri, wobwerera mmodzi. Kwathu kunali nthungululu. Kutsidya kwa msewu, chigafa cha amalume chinali mphanda zokhazokha, fodya akupsera m'munda. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene tinkakhala desiki imodzi, anasamukira kumbuyo kwa kalasi osandiuza.

Tsiku limene anasamukalo ndinalemba mizere iwiri yokha m'kope muja. Woyamba: "Bwanji m'buku la ubatizo lija mulibe tsamba lopulumutsa amalume?" Wachiwiri: "Mawa ndinyamula chimanga chokazinga, ndikakhale naye kumbuyoko, ngakhale asandiyankhule."