Kabichi wa Kudimba la Amayi

Fungo la kabichi wowola silichoka msanga. Ngakhale usambe ndi phulusa, limatsalirabe m'zikhadabo. Ndinalidziwa dzinja lomwe amayi anapita kukagonera mlongo wanga wakhanda, Yakobo, kuchipatala ku Chipata. Ndinali giledi folo. Ine anandisiya kwa azakhali ku Mlolo komweko, koma dimba anandisiyira ineyo.

"Uzikaliona tsiku ndi tsiku, Misozi," anatero akukwera njinga yokawatula kumsewu.

Mvula inagwa sabata yathunthu, madzi n'kudikha m'mizere. Ndikaweruka ndinkatsikira kudambo ndekha, matope akutuluka pakati pa zala zakumapazi, kukumveka achule okha. Tsiku lina ndinagwira mutu waukulu wa kabichi, chala n'kungolowa ngati m'phala. Kunja unali wobiriwira bwinobwino, koma m'kati munali madzi onanda, otuwa.

Ndinatenga mpeni wa amayi n'kudula powola ponse. Kenako ndinasadza masamba a mitu yabwino kuti izipitidwa mphepo. Patangopita masiku awiri nayonso inayamba kuchucha. Sindinauze munthu. Azakhali anali ndi ana asanu komanso thonje lofuna kupalira, ndiye mitu yowolayo ndinkangoikwirira kuseri kwa chulu.

Kusukulu anzanga anayamba kusendera kutali pabenchi. "Koma iwe ukununkha chiyani?" anafunsa wina mokweza. Kuyambira pamenepo ndinkakhala kumbuyo, manja m'khwapa.

Amayi anabwera patatha milungu isanu, kumsana kulibe mwana. Maliro atatha ndinawatsogolera kudimba. Pamizere yonse panatsala mitu isanu ndi umodzi. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, n'kukhala pansi pamatope pomwepo.

"Unkabwera wekha kuno?"

"Eya, amayi."

"Inenso kuja ndinali ndekha," anatero, n'kundikokera pamiyendo pawo ngakhale ndinali wamkulu kale.

Patapita zaka, mlangizi wa zaulimi anandifotokozera kuti matendawa amabwera ndi tizilombo tosaoneka ta m'dothi. Timalowera pabala la mbewu kukanyowa, ndipo mpeni umatinyamula kuchoka pamutu wina kupita pa unzake. Nthawi ija ndinkakhulupirira kuti kabichi akufa chifukwa womusamalira ndine, osati amayi. Sindinkadziwa kuti pali zinthu zina zomwe ngakhale amayi, atazisamalira chotani, zimawapulumuka.