Mkono wa amuna anga ndinathyola ndine

Anthu ku Lungwena amadziwa kuti amuna anga anathyoka mkono atagwa m'boti. Si zoona. Ndinawathyola ndine, ndi munsi, ndipo lero n'koyamba kuzinena.

Nditabereka Asiyatu, adokotala ku Mangochi anandiuza kuti mtima wanga ndi wofooka. Mphamvu zanga za tsiku zinkakwana ntchito yolemetsa imodzi basi. Ndikachapa, kusinja kunkakanika. Ndikasinja, ngakhale kubereka mwana kumsana ndinkabanika. Koma kunyumba sindinanene. Apongozi anali atayamba kale zoti, "Wasatifiketi ameneyu, manja ake ndi a taipi," ndiye ndinkaopa kuti akamva za matenda amupezera mwana wawo mkazi wachiwiri.

Nthawi imeneyo n'kuti anthu othawa nkhondo ku Mozambiki atadzaza m'midzi. Mmodzi wa iwo, Amaliya, ndinapangana naye mwamseri kuti azinditungira madzi ndi kundisinjira amuna anga akakhala panyanja, ine ndizimutapira usipa pathandala poyanikira.

Tsiku lina mwera unavuta, amuna anga anabwerako msanga. Anapeza Amaliya akumanga usipa pachitenje. Sanafunse n'komwe. Anamumenya ndi nkhafi pamsana, atagwa n'kumupondanso pamutu. Magazi anayamba kutuluka m'khutu. Ine ndinakuwa kuti, "Bambo a Asiyatu, ndamupatsa ndine!" Iwo amvekere, "Ukuikira kumbuyo mbava iwe?" n'kukwezanso nkhafi ija.

Inu owerenga, m'mawa umenewo ndinali ndisanagwire chilichonse, ndinkasunga mphamvu zoti ndipite ndi mwana kusikelo. Zonsezo ndinazithera pamunsi. Ndinamva fupa likuti thyo, kenako m'maso munada. Ndinatsitsimukira kuchipatala, bedi langa litayandikana ndi la Amaliya.

Khutu la Amaliya silimvanso. Amuna anga sakokanso khoka la chilimira, amangosoka maukonde a anzawo. Tikadali limodzi, matenda anga akuwadziwa tsopano ndipo madzi amatunga ndi mlongo wawo. Koma akangolowa m'nyumba ndimayamba ndayang'ana kumene kuli mwana.

Amayi anzanga, mukadwala nenani, ngakhale akusekeni. Kubisa kwanga kunagonthetsa munthu amene anapulumuka mfuti kwawo. Chimene chimandisautsa n'chakuti sindidziwa ngati nkhafi yachiwiri ija ikanamupha Amaliya, kapena akanaitsitsa okha ndikanangokuwanso kamodzi. Tandiuzani, ndinachita bwino?